Galimoto ya a Kopolo Yakwera Phiri

Amene munabwera ndi nsalu zanu pakhonde langa Lachiwiri lapitali n'kupeza makina osokera ataphimbidwa ndi chiguduli, pepani. Telala wanu sanadwale. Ndinali paulendo, ndipo ulendowo ndi umene ndikusimbireni sabata ino, m'malo mwa madandaulo anga anthawi zonse a ulusi wosalimba ndi fumbi la pa Golomoti.

Ndinakwera phiri pa galimoto ya a Kopolo.

Inu a kuno mwayamba kale kuseka, chifukwa galimotoyo mukuidziwa. Akutalinu ndikufotokozereni. A Kopolo ndi mnansi wanga, bambo wamfupi, wosayankhulayankhula. Dzina lawo ndi a Simoni, mfunda wawo ndi Phiri, koma chibwerereni ku nkhondo ya ku Bama, kumene ankayendetsa ndi kukonza malole a asilikali, aliyense amangoti a Kopolo. Ali ndi galimoto yakale ya bokosi kumbuyo, izi timati pikapu, imene anaipeza kwa mzungu wina wa fodya itatheratu, n'kuidzutsa okha. Ndi imeneyi amanyamulira thonje kupita nalo kumsika, ndi nsomba zouma kuchokera kunyanja kudzakweza sitima. Akuti kale inali yobiriwira. Chitseko cha kumanzere amachimanga ndi waya.

Akazi awo, a Nankhoma, kwawo n'kumtunda, m'kamudzi kena ka m'mapiri ali pamwamba pa Mua. Anatsika kuno pachitengwa akadali mtsikana. Masiku amenewo phirilo ankalikwera wapansi, mtanga wa usipa uli pamutu, n'kubwerako ndi kachewere. Koma zaka zingapo zapitazo anagwidwa ndi nthenda yotentha thupi imene inawagoneka miyezi, ndipo pochoka inapita ndi miyendo. Manja ali bwino. Mutu uli bwino. Lilime ndiye lakuthwa ngati kale. Koma kuimirira sangathenso. Amakhala pamphasa pakhonde, kuluka, kusenda, ndi kuyendetsa nyumba yonse ndi mawu.

Kumtundako kunatsala bambo awo, a Nkhoma, nkhalamba imene inachita khungu kalekale. Ndiye taganizani. Bambo sangatsike, mwana sangakwere. Pakati pawo pali mtunda woti munthu wamphamvu atanyamuka m'mawa, masana wafika. Ndipo phirilo a Nankhoma amaliona tsiku lililonse akangokhala pakhonde.

Mufunsa za machira? Anayesapo. Sanapite patali, msana unawapweteka a Nankhoma mpaka anakomoka, ndipo a kuchipatala cha mishoni analetsa kuti zisadzachitikenso.

Chaka chatha a Kopolo anayesa pa galimoto. Kuli kanjira kamene anatsegula ocheka matabwa, kokhotakhota m'nsungwi mpaka pafupi ndi mudziwo. Mchenga wa mumtsinje anauwoloka movutikira, akuyala nthambi pansi pa matayala. Koma atafika pa chitunda china chamiyala yogumuka, matayala akumbuyo anangozungulira pamalo amodzi, kulavula miyala ndi kununkha mphira. Anatsitsa katundu, sizinathandize. Anadzaza miyala m'bokosi kuti kumbuyo kulemere, sizinathandizenso. A Nankhoma akuti pamalo pamenepo ankaona utsi wa m'mudzi mwawo. Anabwerera chammbuyo pang'onopang'ono.

Ine za galimoto sindizidziwa, ndimadziwa za singano. Koma patapita masiku a Kopolo anabwera kudzakhala pabenchi langa, n'kundifotokozera ngati akudziyankhulira okha. Anati galimoto zathu zambiri zimakankhidwa ndi matayala akumbuyo okha. Akutsogolo amangowongolera njira, mphamvu alibe. Koma kunkhondo anayendetsapo zina zimene matayala onse anayi amakoka pamodzi, ndipo zoterozo pamatope ndi pachitunda zimakwera ngati buluzi pakhoma.

Ndinawafunsa ngati akuganiza zopeza yoteroyo. Anapukusa mutu.

"Ndiiphunzitsa yomweyi," anatero.

Kuseri kwa sitolo ya mmwenye wina ku Mtakataka kunali chigoba cha galimoto ya asilikali. Injini yake inasweka kalekale, ndipo nkhuku zinkaikira mazira pampando. A Kopolo anakonzera mwini sitoloyo injini ya chigayo, ndipo m'malo mwa malipiro anapempha zitsulo za kunsi kwa chigobacho. Zinafika kuno pa ngolo ya ng'ombe. Chachikulu chinali ekiselo yakutsogolo, chitsulo chija chimalumikiza matayala awiri, koma iyi yokhala ndi chimimba pakati mmene muli mano oyendetsa matayalawo. China chinali kabokosi ka magiya kogawa mphamvu ya injini, ina ipite kumbuyo, ina kutsogolo.

Tsono anaimika galimoto yawo pansi pa mtengo wa mango, n'kuimasula. Anachita zimenezi nyengo ya thonje yeniyeni, nyengo imene eni magalimoto sakhala pansi. Anzawo akudutsa ndi mabelo atapachikana, galimoto ya a Kopolo inali pamitengo ngati ng'ombe yosendedwa, injini ikulendewera pa unyolo kunthambi.

Anthu anayankhula. Kuno kwathu kuyankhula sitisowa. Ena ankati nkhondo inawasokoneza mutu. Ena ankati wapha nkhuku yoikira yekha, ana adzadya zitsulo. Wina anafunsa ngati akupanga ndege. A Kopolo ankangotukula chipewa popereka moni, n'kulowanso kunsi. Chifukwa chimene ankachitira zonsezi sanauze munthu.

Ndipo ntchito yake sinali yapafupi, chifukwa zitsulo za galimoto ziwiri zosiyana sizigwirizana msanga. Ekiselo ija itakwezedwa, chimimba chake chinkagunda kunsi kwa injini. Anayenera kuwonjezera masipuling'i kuti galimoto italikeko. Chitsulo cha chiwongolero chinapezeka kuti n'chachifupi. Anakhala pamoto wa wosula makasu mpaka anachipinda mmene amafunira. Shafuti, mpini uja umazungulira kunsi kupereka mphamvu kumatayala, inali yaitali. Anaitumiza pa sitima kwa mnzawo wowotcherera ku Salima kuti aidule. Itabwera inali yaifupi. Anaitumizanso.

Pakhonde langa ndi pamtengo wa mangowo m'pafupi, choncho zonsezi ndinkaziona ndikupondaponda makina. Koma chimene ndinkaonetsetsa kwambiri si zitsulo ayi. M'mawa uliwonse a Kopolo ankanyamula akazi awo n'kuwakhazika pamphasa mumthunzi, pafupi ndi ntchito. Ankawaikira beseni la palafini, ndipo a Nankhoma ankatsuka mabawuti ndi kaburashi, kuwapukuta, ndi kuwaika m'magulu pa lichero lakale. Posakhalitsa anadziwa masipanala onse. Dzanja likangotuluka kunsi kwa galimoto, iwo aikamo chofunika, osafunsa. Nthawi zina ndinkamva akuwanyoza kuti msilikali wanji wotaya nati katatu m'mawa umodzi, kunsi kuja n'kumveka kuseka.

Kodi iwo ankadziwa kuti ntchitoyo n'njayani? Mukuganiza bwanji? Koma m'miyezi yonseyo sindinamve wina wa awiriwa akutchula phiri.

Tsiku loyesa linafika. Anthu anasonkhana pabwalo la pafupi ndi siteshoni. A Kopolo analiza injini, n'kukoka kandodo katsopano kamene anakatulutsira pansi pambali pa giya. Galimoto inayenda, koma kuyenda kwake kunali komvetsa chisoni. Inkanjanja, matayala akulira, ngati kumbuyo kukufulumira pamene kutsogolo kukukana. Anthu anaseka mpaka kugwirana m'mapewa. A Kopolo anaibweza pansi pa mango, nakhala pa chitsa manja ali m'masaya.

Madzulo ake anabwera kudzabwereka choko changa cholembera nsalu. Anakweza galimoto pa jeke, nalemba kamzere pa tayala lakutsogolo ndi lakumbuyo. Iwo anali kunsi kupotokola shafuti ndi manja, a Nankhoma ali pambali kuyang'anira timizereto. Sipanatenge nthawi, mayiwo ananena kuti lakumbuyo likufika msanga, lakutsogolo likutsalira. Nkhani yonse inali pamenepo: mano a m'zimimba ziwirizo sanali ofanana, ndiye matayala ankalimbana okhaokha. Mankhwala ake anali kubwereranso ku Mtakataka kukatenga ekiselo yakumbuyo ya chigoba chomwe chija, kuti zonse ziwiri zikhale zapachibale. Mmwenye uja akuti anangoseka n'kuwauza kuti atenge chilichonse, bola nkhuku amusiyire.

Ndiye kuti ntchito inayambiranso, dzuwa la kuno litafika pouma pakhosi.

Sabata yathayi mayi wina wogulitsa kachewere anatsika kuphiri ndi uthenga. Anati a Nkhoma asiya kutuluka panja, phala akungolawa, ndipo akangomva mapazi a mlendo amafunsa ngati wachokera kunyanja. Nthawi yomweyi mitambo yayamba kale kusonkhana pamwamba pa mapiri masana. Mvula ikangogwa yeniyeni, mtsinje uja sungawolokeke mpaka chaka chamawa.

A Kopolo anabwera kwa ine ndi chinsalu cholimba cha tenti chimene anabwera nacho kunkhondo, ndi thumba la thonje. Anafuna ndiwasokere khushoni yokhala ndi chotsamira msana, mapiko m'mbali, ndi lamba womanga pachifuwa. Ndinatenga tepi kuti ndikayeze a Nankhoma. A Kopolo anati ndisavutike. Anatambasula manja awo m'malere kundionetsa kukula kwa msana, kenaka pamene pamafika mapewa, kenaka malo amene pamapweteka, kuti pamenepo ndiikepo thonje lambiri. Ndinayeza manja awowo. Khushoniyo itatha inakwana ngati ndinayeza katatu.

Ulendo unali wa Lachiwiri m'mawa, ndipo ine ananditenga kuti ndizikaika mwala kumbuyo kwa tayala galimoto ikafuna kubwerera. Ndinakhala m'bokosi pamodzi ndi zigubu za madzi, makasu awiri, mtolo wa chambo chouma ndi malaya atsopano a khaki amene a Nankhoma anandisoketsa kalekale, n'kumangowasunga m'sutikesi. Iwo anavala duku lawo la kutchalitchi.

Tinadutsa m'minda ya thonje yodulidwa kale, n'kusiya milambe kumbuyo. Pa mtsinje a Kopolo anaima, nakoka kandodo kaja. Ndinatsika ndi khasu kukonzekera kukumba. Sindinakumbe. Galimoto inalowa mumchenga ikubuula, matayala onse anayi akupalasa, n'kutulukira tsidya linalo ine ndikuithamangira.

Tinalowa m'nsungwi, njira ikukwera, mpaka tinafika pa chitunda chija. Kunena zoona, nditachiona ndinachita mantha. Miyala yake ili ngati yothiridwa dala, ndipo kudzanja lamanja kuli chigwembe choti ukaponyamo mwala sumva pamene wagwera. A Kopolo anazimitsa injini, natsika, nayenda wapansi mpaka pamwamba akusuntha miyala ina ndi phazi. Atabwerera anamangitsa lamba wa akazi awo. Ndinali chiimire pawindo, ndiye ndinamva.

"A Phiri," anatero a Nankhoma motsitsa mawu, "ikakana, musadzipweteke mumtima. Ine ndaona zimene mwachita."

"Gwirani apa," anayankha a Kopolo, akuwaikira dzanja pa chitsulo cha kutsogolo.

Ndinatola mwala waukulu n'kuima kumbuyo. Injini inalira. Galimoto inayamba kukwera pang'onopang'ono, pa liwiro la munthu woyenda ndi ndodo. Chapakati tayala lakumbuyo linaterereka, miyala inandigunda m'miyendo, ndipo ndinati basi, zachaka chatha zija. Koma ndinaona tayala lakutsogolo likukanda pathanthwe, likukanda, mpaka linagwira. Galimoto inadzikoka yokha, inapendekeka, inawongoka, n'kupitirira. Ine pambuyo, wefuwefu. Nditafika pamwamba m'pamene ndinazindikira kuti mwala uja ndakwera nawo chitunda chonse, ndikadaukumbatira pachifuwa.

Pamenepo madzi a injini anali atawira, tinayenera kudikira kuti izizire. Mphepo ya kumtunda inatiwomba, yozizira bwino, yonunkhira masamba atsopano. A Nankhoma anatulutsa mutu pawindo n'kutseka maso. Kenaka analoza mtengo wa masuku m'mbali mwa njira, nati ankatola pamenepo ali mwana. A Kopolo anapita kukatola odzaza chipewa.

Kumudziko galimoto inali isanafikeko chiyambire. Mbuzi zinathawa, agalu anauwa, amayi anasiya mitondo. Tinaima pamene njira inathera, kufupi ndi nkhokwe. Mayi wina anatuluka pagulu akuyang'anitsitsa pawindo, kenaka anagwira pakamwa. Anali mng'ono wawo wa a Nankhoma. A Kopolo anamasula waya wa chitseko kuti anyamule akazi awo monga amachitira tsiku lililonse, koma mayiyo anawaletsa. Anamasula nsalu yake, nawerama chofulatira pakhomo la galimoto. Anati achemwali akewo ankamubereka kumbuyo iye ali khanda, lero ndi tsiku lake. Ndipo anawabereka kumbuyo, miyendo ikulendewera, nadutsa nawo pakati pa anthu.

A Nkhoma anali atagona pamphasa m'nyumba, pafupi ndi khomo. Ine ndi a Kopolo tinakhala panja pambali, monga ayenera mkamwini ndi mlendo. Tinamva nkhalamba ikufunsa kuti chikulira panjapo n'chiyani, ndipo walowa ndani.

"Ababa, ndine."

Kudzera pakhomo ndinaona manja awiri owonda akufufuza m'malere, nakhudza duku, chipumi, masaya, nabwereranso pachipumi pamene pali kachipsera.

"Marita," anatero a Nkhoma. "Marita, wanenepa."

Anthu anaseka misozi ili m'maso. Ine ndakhala moyandikana ndi mayi amenewa zaka zonsezi, koma dzina limenelo ndinali ndisanalimvepo. Kuno kunsi ndi a Nankhoma, mayi wa pamphasa. Kumeneko anali Marita.

Masana nkhalamba ija inadya, inavala malaya a khaki aja, ndipo inalamula kuti aitulutse panja kwa nthawi yoyamba m'masabata ambiri. Inati ikufuna kuona chinthu chimene chabweretsa mwana wake. Anaigwirizira mpaka pagalimoto, ndipo inasisita boneti, nyali, ndi matayala akutsogolo, ikufunsa kuti awa ndi aja aphunzira kukoka? Kenaka inaitana mkamwini wake, n'kumugwira dzanja ndi manja onse awiri, nthawi yaitali, osalisiya. Inamva zipsera ndi zikhadabo zosweka. Inati ilibe ng'ombe yomuthokozera, ilibe mawu.

A Kopolo anayang'ana pansi. Anati pali nati imodzi imene ikuoneka ngati yamasuka, ayenera kukaiona. Analowa kunsi kwa galimoto, ndipo anakhalako nthawi yotalikirapo kuposa imene nati imafuna.

A Nankhoma tinawasiya komweko. A Kopolo akawatenga Loweruka, mvula isanatseke mtsinje. Potsika ndinakhala kutsogolo pa khushoni yawo, imene sinandikwane. Njira yonse a Kopolo ananena chinthu chimodzi chokha, kuti kunyumba kukakhala chete.

Tsono Lachitatu m'mawa, ndikusoka, bambo wina amene anabwera kudzachepetsa buluku anayamba kuikirapo maganizo. Anati a Kopolo ataya nyengo yonse ya thonje chifukwa cha ulendo wa tsiku limodzi, kukaona munthu woti masiku ake atha kale. Anati akanangodikira. Maliro akanachitika, mudzi wonse ukanatuluka ndi makasu kusalaza chitunda chija, amuna akanakoka galimotoyo ndi zingwe, mwana akanafika pamanda a bambo ake popanda kumasula bawuti ndi imodzi yomwe.

Ndinasiya kuponda makina, chifukwa bamboyo ananena zoona. N'zimene zikanachitikadi.

Ife anthu a kuno pa maliro sitigonja. Uthenga ukafika, njira imapezeka. Mtsinje wodzaza timawoloka madzi ali m'khosi. Wa ku Halale amapempha tchuthi kwa bwana wouma mtima n'kukwera sitima. Amene sanayankhulane zaka amakhala pa mphasa imodzi. Sindikunyoza zimenezi, ndi ulemu wathu, ndipo tisadzausiye.

Koma bwanji mphamvu zonsezi timazisungira munthu amene sadzatimva tikulowa pakhomo? Akadali moyo timati kutali. Timati tikakolola. Timati njira yaipa, mvula ikatha, njinga ilibe chubu. Timatumiza moni kudzera mwa ogulitsa kachewere. Tsiku loti sangatigwirenso kumaso ndi pamene timavala malaya abwino n'kufika m'mamawa.

A Kopolo anafunika ekiselo ziwiri, moto wa wosula, sitima ya ku Salima ndi chilimwe chathunthu kuti munthu mmodzi amve bambo ake akumutchula dzina. Ambirife sitifunika zonsezo. Miyendo tili nayo, ndipo njira ya kwathu ng'ombe zimadutsamo ndi ngolo tsiku lililonse.

Ndiye ndikufunseni inu amene mukuwerenga: kwanuko kuli ndani amene amati akamva mapazi panja amafunsa kuti walowa ndani? Nanga inu mukudikira uthenga wanji?